Foni siifa yonse

Bambo anga anali ndi wayilesi ya Nzeru, ija inkapangidwa konkuno ku Malawi. Inkakhala pa kathebulo kapakona itafunditsidwa kansalu koluka amayi, ndipo mwana sankaigwira popanda chilolezo. Wayilesiyo inafa kangapo ine ndikuona, koma nthawi zonse inkadzuka. Ikayamba kulankhula motsitsa ngati wodwala, bambo ankachotsa mabatire n'kuwayanika padzuwa. Zikakanika, ankaimangirira pa kaliyala wa njinga n'kupita nayo kwa mkulu wina wa pamsika. Mkuluyo ankaitsegula, n'kuinunkhiza m'kati, n'kuwotcherera kawaya kamodzi basi. Madzulo ake tinkamvera nkhani ndi mauthenga achisoni ngati kuti palibe chinachitika.

Ine ndinakula n'kuyamba ntchito, ndipo mpaka chaka chatha ndinali ndi mafoni anayi akufa m'dirowa. Zaka zimene onse anayiwo anandigwirira ntchito, kuziphatikiza pamodzi, sizikufika pa zaka za wayilesi imodzi ija. Foni ikangovuta ndinkagula ina, chifukwa mumtima ndinkaona ngati kukonzetsa ndi kwa munthu wosowa.

Maganizo amenewa anasintha tsiku limene foni yachisanu inasiya kulandira moto, mwezi uli pakati, m'thumba mulibe kanthu. Ndinapita nayo mumsika wa Limbe kwa mnyamata wina amene ali ndi kabenchi kokwana munthu mmodzi, babu wolendewera pamutu, ndi katoni yodzaza mafoni osweka pansi pa miyendo yake.

"Achimwene, ingadzuke imeneyi?"

"Ikani apa tione, bwana."

Anaiwomba mpweya wotentha m'mbalimbali kwa kanthawi ndithu asanaitsegule. Anati mafoni akale ankangowatsegula ndi chikhadabo, batire n'kuchotsa, lina n'kuikamo, koma a masiku ano amabwera atamatidwa ndi guluu ngati kuti owapangawo safuna kuti munthu aone m'kati. Ataitsegula anapisa dzanja m'katoni muja, n'kutulutsa foni ina yofanana nayo yosweka galasi, n'kuzulamo kachibowo kolowetsapo tchaja. Ndinkaonerera zala zake zikugwira tinthu tochepa kuposa njere ya mawere. Patatha mphindi zosakwana 40 foni yanga inayaka.

"Foni siifa yonse, bwana," anatero akundipatsira. "Imafa malo amodzi. Ngati kunyumba muli nawo ena ogona, mudzabwere nawo."

Mawu amenewo ndinayenda nawo ulendo wonse wa pa minibasi. Mnyamata uja sanapite ku koleji iliyonse yophunzitsa zimenezi. Anaphunzira poonerera mnzake, pophwasula, polakwitsa ndi poyesanso. Ndinakumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2002. Iye anayamba ndi kutsegula mawayilesi a anthu a m'mudzi kuti aone chimene chimalankhula m'katimo. Ali ndi zaka 14 anatolera zitsulo zotayidwa, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki, njinga yakutha ndi dayinamo, n'kupanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Anthu ankamuona akufukula m'zinyalala n'kumati wapenga. Dziko lonse linadzamudziwa kudzera m'buku la mu 2009 ndi filimu ya mu 2019, koma nzeru yakeyo ndi yomwe ili ndi wosula mbaula ndi malata akutha, wopanga koloboyi ndi chitini, ndi mwana wopinda galimoto ya mawaya. Ife tinabadwira m'nzeru imeneyi, n'chifukwa chake sitiiona.

Ku Ulaya anayamba kuilakalaka nzeru imeneyi. Mu 2009 mayi wina wa ku Netherlands, Martine Postma, anayambitsa ku Amsterdam malo otchedwa Repair Café, kumene anthu amabwera ndi katundu wowonongeka kuti akonze pamodzi ndi odziwa, ndipo malo otere afalikira m'mayiko ambiri. Dziko la France mu 2021 linalamula kuti mafoni, malaputopu ndi katundu wina azilembedwa malikisi, pa 10, osonyeza kuti n'ngosavuta bwanji kukonza. Mayiko a European Union analamula kuti kuyambira kumapeto kwa 2024 mafoni atsopano azigwiritsa ntchito tchaja ya mtundu umodzi, USB-C, kuti anthu asamataye matchaja abwinobwino. Iwo akuchita kukhazikitsa malamulo kuti abwerere ku zimene bambo anga ankachita ndi njinga yawo.

Komabe ndikanama nditati nkhaniyi ndi yonyaditsa yokhayokha. Nditabwererako ndi mafoni anayi aja, ndinamufunsa mnyamata uja kuti zotsala zimapita kuti akamaliza kuzulamo zofunika. Analoza thumba la saka pakona. Anati likadzaza amabwera anyamata ogula zitsulo, ndipo zimene iwo sakuzifuna zimapita kudzala. Utsi wakuda umene timauona madzulo m'mphepete mwa mitsinje ya m'tauni nthawi zambiri ndi wa anyamata amenewa, akuwotcha mawaya kuti pulasitiki ipse, mkuwa utsale. Amaima pa utsipo opanda chotchinga kukamwa, kenaka amakadya nsima ndi manja omwewo.

M'zipangizozi muli golide, siliva ndi mkuwa pang'onopang'ono, komanso muli poizoni. Galasi la ma TV akale a chimsana lija lili ndi mtovu wambiri. Mababu aatali oyera aja ali ndi mekyule. Batire la galimoto, lomwe lerolino lili m'nyumba zambiri za kumudzi chifukwa cha sola, ndi mtovu ndi asidi. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umawononga ubongo mwakachetechete, osamva kuwawa kulikonse poyamba, ndipo zimene wawononga sizibwerera. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi Dakar m'dziko la Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha fumbi la mtovu wochokera m'mabatire amene anthu ankaphwanya pakhomo kuti apeze ndalama. Makolo awo sanali anthu oipa. Ankafuna chakudya, ndipo panalibe amene anawauza. Ku Accra m'dziko la Ghana kunali malo otchuka a Agbogbloshie, kumene achinyamata ankawotcha mawaya tsiku ndi tsiku. Boma linagumula malowo mu 2021, koma njala ya achinyamatawo sinagumulidwe, ndipo ntchitoyo inangosamukira kwina.

Lipoti la mabungwe a United Nations linati mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinalembedwa kuti zinasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Mayiko a mu Africa anapangana ku Bamako mu 1991 kuti asalole zinyalala zoopsa zochokera kunja, koma kompyuta yotsala ndi miyezi itatu kuti ife imalowabe ngati kaunjika kapena ngati mphatso ya sukulu. Walira mvula walira matope. Tinalira magetsi, mafoni ndi matochi otchipa, ndipo tinachita bwino kulira, chifukwa mwana akuwerenga usiku ndipo agogo akulandira ndalama pa foni. Matope ake ndi amene sitinakonzekere. Kwathu batire likatha limaponyedwa m'chimbudzi kapena kudzala, ndipo phulusa la kudzalako ndi lomwe timakathira kudimba. Ine ndemwe ndili mwana ndinkaphwanya mabatire a wayilesi ija ndi mwala kuti nditenge kamtengo kakuda ka m'kati, ndipo palibe wamkulu amene ankaona vuto.

Mwa mafoni anayi aja, awiri anadzuka. Imodzi ili ndi azakhali anga kumudzi, ina ndinapatsa mwana wa mlongo wanga amene ali ku sekondale, nditafufuta zithunzi ndi manambala onse. Awiri enawo anatsala m'katoni ya mnyamata uja kuti adzadzutse mafoni a anthu ena. Mabatire awiri otupa ndinabwera nawo kunyumba, chifukwa batire lotere likabooka kapena likaponyedwa pamoto limaphulika. Ali m'chitini cha mchenga pamwamba pa kabati, kutali ndi ana.

Inu amene mumagulitsa mafoni, masola ndi mabatire, ndi inu a makhonsolo amene mumatolera ziphaso m'misika, tiikireni bokosi pa sitolo iliyonse loti tizibwezeramo zakufazi, ndipo anyamata okonza ndi otolera zitsulo aja muwaphunzitse za mtovu, muwapatse magolovesi ndi zotchinga kukamwa. Chitini changa chija ndidzabwera nacho tsiku loyamba.