Dzino lakumapeto silizulidwa ndi mphamvu

Ambiri amene amabwera kwa ine ndi vuto la dzino lakumapeto ndi achinyamata. Ndimawazindikira asanakhale n'komwe pampando: dzanja lili patsaya, akuyankhulira m'mano, ndipo ndikawapempha kuti ayasamule, pakati pa mano pamangolowa chala chimodzi kapena ziwiri, pomwe kwa munthu wabwinobwino pamalowa zitatu. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32. Anayi omaliza, limodzi pangodya iliyonse ya nsagwada, amamera mochedwa, kawirikawiri pakati pa zaka 17 ndi 25, anzake 28 aja atatenga kale malo. Kwa ena nsagwada ndi yotakasuka, dzino limatuluka bwinobwino n'kumatafunira nalo mpaka ukalamba. Ena manowa sapangika n'komwe. Koma kwa ena malo amachepa, ndiye dzino limagona chammbali, kapena kutsamira linzake, kapena kungosuzumira, gawo lina n'kutsalira pansi pa usinini.

Losuzumirali ndi limene limatipatsa ntchito. Pamwamba pake pamatsala kachikopa ka usinini, ndipo pansi pa kachikopako pamalowa tinyenyeswa ta nsima, timaulusi ta nyama, makoko a nyemba. Mswachi sufikako. Pakapita masiku pamatupa, pamayamba mafinya, m'kamwa mumanunkha, kenako dzino lam'mwamba limayamba kuluma pachotupacho nthawi iliyonse munthu akatseka pakamwa. Minofu yotafunira imene ili pafupi imakungika, n'chifukwa chake kuyasamula kumavuta. M'faelo timalemba kuti pericoronitis, n'kuika nambala ya dzino: 38 ngati ndi lam'munsi kumanzere, 48 ngati ndi lam'munsi kumanja.

Si dzino lililonse lotere limene ndimazula, ngakhale mwini wake atachonderera. Ngati kutupa kwayamba koyamba, ndimatsuka pansi pa kachikopako ndi madzi amchere, n'kumuonetsa munthuyo pagalasi mmene angapendekere mswachi kuti ufike kumeneko. Nthawi zambiri zimathera pomwepo. Ku America ndi chizolowezi kuchotsa onse anayi mwana akadali kusekondale, ngakhale asakupweteka. Ku Britain bungwe la NICE linalangiza mu 2000 kuti dzino lokanirira lomwe silikudwalitsa munthu lisiyidwe. Ine ndili mbali ya a ku Britain, chifukwa opaleshoni iliyonse ili ndi zoopsa zake, ndiponso pabenchi panja pamakhala anthu ena amene sanagone ndi ululu. Ndimazula ngati kutupa kukubwerezabwereza, ngati dzinolo labowoka, ngati pali chotupa m'fupa, kapena ngati likuwoletsa linzake loyandikana nalo. Chomalizachi ndi chimene chimandiwawa kwambiri mumtima. Dzino lakumapeto likatsamira linzake, pakati pawo pamakhala kampata kosunga zakudya, ndipo lomwe limabowoka ndi lakutsogololo, dzino lalikulu lotafunira limene munthu amalifuna moyo wake wonse. Akabwera mochedwa amataya awiri m'malo mwa limodzi.

Ndisanagwire chida chilichonse ndimafunsa. Matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, siko selo, mankhwala amene akumwa, makamaka oletsa magazi kuundana monga warfarin. Kwa amayi ndimafunsa ngati ali oyembekezera, osati kuti ndiwabweze, pakuti mayi wapakati dzino likamuzunza timamuthandiza ndithu, koma kuti ndidziwe mankhwala oyenera kumupatsa. Ndipo ndimafunsa kuti, "Mwadya chiyani m'mawa uno?" Ambiri akamva zoti achitidwa opaleshoni amabwera ndi njala, poganiza kuti ndilo lamulo. Munthu wanjala, wamantha, akangoona singano amakomoka. Amene sanadye ndimamutuma kaye akamwe tiyi. Palinso funso limene odwala amandifunsa motsitsa mawu: "Adokotala, akuti mukazula lam'mwamba maso amachita khungu?" Sindiseka ayi. Ndimawafotokozera kuti mtsempha woonera suli panjira ya dzino, ndipo kuzula dzino sikuchititsa munthu khungu.

Choopsa chenicheni chili m'munsi, ndipo n'chimene anthu sachidziwa. M'kati mwa fupa la nsagwada yam'munsi mumadutsa mtsempha umene umachititsa kuti mlomo wam'munsi ndi chibwano zizimva kukhudza. Umadutsa pansi penipeni pa mizu ya dzino lakumapeto, mwina kukhudzana nayo kumene. Mtsempha wina, wa lilime, umadutsa kumbali yam'kati, pansi pa usinini wopyapyala. Ukavulaza umodzi mwa iwo, munthu amakhala ndi dzanzi pamlomo kapena palilime kwa milungu kapena miyezi, ndipo kwa ochepa, osakwana mmodzi pa anthu 100, dzanzilo silichokanso. N'chifukwa chake chithunzi cha X-ray ndimachiyang'ana nthawi yaitali. Ndimawerenga mizu, ndimaona kumene yapindikira, ndimatsata timizere tiwiri toyera tosonyeza njira ya mtsempha. Timizereto tikazimiririka pamene pali muzu, kapena muzu ukada pamalo pomwe mtsempha wadutsa, ndimadziwa kuti ziwirizi zagundana. Zikatero pali njira ina yodula mutu wokha wa dzino n'kusiya mizu m'fupa, bola mizuyo ikhale yosawola. Masiku amene makina a X-ray afa, dzino lokanirira lam'munsi sindilikhudza pokhapokha ngati kudikira kungaike moyo pachiswe. Zonsezi ndimamuuza wodwala asanavomere. Mlomo ndi wake.

Chithunzi chimanamizanso wosazolowera. Dzino logoneratu chopingasa limaopsa kuliona, koma ukalidula limatuluka. Lovuta kwambiri ndi lopendekera kumbuyo, lomwe pachithunzi limaoneka ngati laima bwino. Limenelo ukamalikweza limapita kukadziguba m'fupa lokhuthala lakumbuyo, ndipo ndi limene limasunga anthu pampando ola lathunthu.

Jakisoni ndi theka la ntchito. Chala chachikulu chakumanzere ndimachiika m'kamwa, pamphepete pa fupa lomwe limakwera kulowera kukhutu, mpaka nditapeza pamene lalowa m'kati pang'ono. Sirinji imachokera mbali ina ya kamwa, singano n'kulowa masentimita awiri kapena awiri ndi theka mpaka itagunda fupa mofewa. Ndimabweza pang'ono, n'kuyamwa kuti ndione ngati sindili mumtsempha wa magazi, kenako ndimathira lignocaine wosakaniza ndi adrenaline pang'onopang'ono, pafupifupi mphindi yathunthu. Wothira mothamanga ndi amene amaliritsa anthu. Ndimabayanso pang'ono kumbali ya tsaya, n'kudikira mphindi zisanu kapena kuposerapo.

"Mlomo ukumveka bwanji, achimwene?"

"Walemera, adokotala. Ukukhala ngati si wanga."

Ndikamva choncho ndimayesa usinini ndi chida chosongoka, n'kumuuza zoona zake: "Kukankha mumva, phokoso la makina mumva, kuthetheka mumva. Ululu simumva. Mukamva kubaya kwezani dzanja lamanzere, ndisiya." Ndipo akakweza ndimasiyadi. Munthu amene wamunamiza kamodzi pampando umenewu sadzapitanso kwa dokotala wa mano mpaka nkhope itatupa.

Ndimacheka usinini kuchokera kuseri kwa dzino loyandikana nalo, mpeni ukulowera kunja, kumbali ya tsaya, osati ya lilime, chifukwa cha mtsempha uja. Ndimasenda usinini mpaka fupa lioneke. Kenako ndi makina obowolera ndimakumba kangalande m'fupa mozungulira dzino kumbali ya tsaya, wondithandiza akuthira madzi amchere osalekeza, pakuti fupa likatenthedwa limafa ndipo bala limachedwa kupola. Ngati dzino lagona, ndimalidula pakhosi, mutu n'kutuluka wokha, mizu n'kuikokera m'malo amene mutu wasiya. Mizu ikakhala yotang'adza ndimaigawanso pawiri. Aliyense amene anakumbapo chinangwa m'chilimwe akudziwa: ukakoka tsinde ndi mphamvu dothi lili gwa, umatsala ndi mtengo m'manja chinangwa chili pansi. Umayamba wafukula m'mbali.

Anthu amaganiza kuti chida chathu chachikulu ndi chopanira chija chonga pulayala. Pa dzino limeneli chimene chimagwira ntchito ndi elevator, kachitsulo kokhala ndi chigwiriro chonenepa ndi nsonga yonga kasupuni. Chigwiriro chimakhala m'chikhatho, chala cholozera chili pafupi ndi nsonga kuti kakaterereka kasapite kukhosi. Nsonga imalowa pakati pa dzino ndi fupa, ndipo imatsamira fupa, osati dzino loyandikana nalo, apo ayi ugwedeza dzino labwino. Ndiye umapotoza dzanja pang'ono, kudikira, kupotozanso. Dzanja lamanzere lagwira nsagwada, ndipo ndilo limamva zonse. Likamva kuti nsagwada yonse ikusuntha koma dzino lili chiimire, ndiye kuti pali fupa lomwe likutchinga kapena muzu wokowa, ndipo yankho ndi kubwerera ku makina, osati kuonjezera mphamvu. Nsagwada imatha kuthyoka pangodya imeneyi, makamaka kwa achikulire omwe fupa lawo lauma. Zikayenda bwino umamva kufewa kwinakwake m'chikhatho maso asanaone kanthu, kenako dzino limadzuka lokha.

Zidutswa zonse ndimaziyala pathonje n'kuzilumikiza, kuti nditsimikize kuti nsonga za mizu zakwana. Ndimasalaza fupa pamene pali pakuthwa, kutsuka bala bwinobwino, n'kusoka kawiri kapena katatu. Lam'mwamba nkhani yake ndi yaifupi: fupa lakumeneko ndi lofewa, ndipo nthawi zambiri limatuluka m'mphindi zochepa. Chongosamala ndi mphako ya mpweya yomwe ili pamwamba pa mizu yake. Ikabowoka, munthu timamuletsa kumina mwamphamvu mpaka patapola.

Zotsala zili m'manja mwa wodwala, ndipo zonse zimazungulira chinthu chimodzi: magazi amene aundana m'dzenje. Amenewo ndiwo chivundikiro cha fupa. Alume thonje mphindi 30. Tsiku loyamba asachukuche, asalavulelavule, asayamwe chakumwa ndi kapaipi, asasute fodya, asamwe mowa. Adye phala lozizirirako, nthochi, mazira, mbatata yofewa. Nzimbe ndi chimanga chokazinga zidikire. Kuyambira mawa lake achukuche mofatsa ndi madzi ofunda othira theka la kasupuni ka mchere akatha kudya. Panado ndi ibuprofen zimakwanira kwa ambiri. Ndimawachenjeza kuti tsaya lidzatupa kwambiri tsiku lachiwiri ndi lachitatu, kuti asadzaganize kuti zalakwika. Amene magazi aja achoka amabwera pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, ululu ukubaya mpaka kukhutu, akunena motsimikiza kuti ndinasiya muzu. Ndikayang'ana ndimapeza dzenje lopanda kanthu, fupa lili poyera. Ndimatsuka, n'kuikamo mankhwala onunkhira mafuta a clove, ndipo ambiri ululu umatsika asanafike pageti. Osuta fodya ndi amene zimawachitikira kawirikawiri.

Amene amandisowetsa tulo ndi obwera mochedwa. Amakhala atayesa zonse: aspirin woika pausinini mpaka pamayera ndi kupsa, kachasu, fodya wosinja, asidi wa batire, mafuta a mabuleki, makapisozi ogula pagolosale omwa masiku awiri n'kusiya. Mafinya a dzino lakumapeto lam'munsi ali ndi njira yotsikira pansi pa lilime ndi m'khosi. Munthu amafika kunsi kwa chibwano kutatupa mbali zonse ziwiri, kuli gwa, lilime litakwera m'mwamba, malovu akuchucha, akukana kugona chagada chifukwa mpweya ukumuthawa. Matendawa anawafotokoza dokotala wa ku Germany, Wilhelm Friedrich von Ludwig, mu 1836, ndipo mpaka lero amatchedwa ndi dzina lake. Pamenepo si nkhani ya mpando wa mano ayi, ndi ya kufiyeta, madiripi ndi kutsegula khosi kuti mafinya atuluke. Ena timawataya, anyamata ndi atsikana amphamvu zawo, chifukwa cha dzino limodzi. Ndiye aliyense ndimamuuza kuti akaona kutupa kukutsikira kukhosi, kumeza kukuvuta, thupi likutentha, abwere usiku womwewo, asadikire kuche.

Sindiwadzudzula anthu amenewa. Zipatala zing'onozing'ono zambiri zakumudzi zilibe mpando wa mano, ndipo ulendo wopita kuchipatala cha boma umadya ndalama ya ufa. Pofika 2019 dziko lonse la Malawi, la anthu oposa 17 miliyoni, linali ndi madokotala a mano osakwana 50, ndipo onse anakaphunzira kunja. Katundu wamkulu amasenza ndi ma dental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, amene amazula mano ambiri patsiku m'zipatala za m'maboma, n'kutumiza okanirira ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Mu 2019 maphunziro a udokotala wa mano anayamba ku College of Medicine, yomwe tsopano ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Zimenezi zinandisangalatsa kwambiri, ngakhale ndikudziwa kuti papita zaka mnyamata wa ku Nsanje kapena ku Chitipa asanapeze dokotala wa mano pafupi ndi kwawo.

Ophunzira akabwera kudzaonerera, manja awo amathamangira pathireyi ya zida. Ndimawabweza, n'kuwapatsa chithunzi. Andiuze kuti mizu ndi ingati, mtsempha wadutsa pati, dzinoli litulukira mbali iti, n'chiyani chikulitchinga, ndipo ngati akanakhala okha kuchipatala cha kutali kopanda makina obowolera, akanaliyamba kapena akanalemba kalata yotumiza wodwala. Odwala ambiri amene amandipeza mutu wa dzino utathyoka, mizu ili m'kati, tsaya litatupa, anakumana ndi munthu wa mtima wofuna kuthandiza amene sanafunse funso lomalizali. Wophunzira akayankha onse asanu, amavala magolovesi n'kuima kumanja kwa wodwala, ine n'kugwira nsagwada.