Asanagwire mutu, ayambe wafunsa

Ndili mtsikana ku Ndirande m'zaka za m'ma 1980, za tsitsi sitinkakambirana. Loweruka masana unkakhala pansi pakati pa miyendo ya azakhali, iwo n'kumakumanga ndi ulusi wakuda mpaka khungu la pachipumi kukokeka. Ukwati ukayandikira, chipeso chachitsulo chinkakhazikidwa pambaula, ndipo khutu likapsa unkangomeza malovu. Abambo nawonso analibe zosankha. Nthawi ya Kamuzu mwamuna sankaloledwa kuweta tsitsi lalitali, choncho wometa wa pansi pa mtengo ankadziwa kale chochita ndi sizasi yake.

Masaluni atachuluka m'ma 1990, m'mashelefu munadzaza Dark and Lovely, Sofn'free ndi Black Like Me, ija anayambitsa Herman Mashaba ku South Africa mu 1985. Zipangizo zinasintha, koma pakamwa panali pomwe paja. Funso linali limodzi: "Tipange chiyani, asisi?" Ukangoyankha, mankhwala ali kale m'mutu. Ambiri mwa mankhwala owongolera tsitsi amakhala ndi sodium hydroxide, soda waukali yemwe amapangira sopo, koma panalibe wofunsa ngati unakanda m'mutu dzulo lake, kapena kuti unaika liti omaliza. Ukadandaula ankati, "Pirirani, akamawotcha ndiye kuti akugwira." Mawa lake unkadzuka tsitsi litamatirira pazilonda. Taonani amayi a msinkhu wanga akavula duku kapena wigi: ambiri tsitsi la m'mbali linatha, chifukwa meshi inkalukidwa mothina patsitsi lofooka kale ndi mankhwala. Izi zimandipweteka mtima, pakuti zinali zopeweka.

Ndimaona kuti kasitomala anayamba kukhala ndi mawu chifukwa cha Edzi. Anthu anayamba kunena kuti lezala litsegulidwe iwo akuona, mashini apukutidwe ndi sipiriti. Ometa amene ankanyinyirika anathawidwa.

Lero mwana wa mchemwali wanga ali ndi saluni yake ku Chilomoni. Anaphunzira ntchitoyi pasukulu ina yovomerezeka ndi TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti kuyankhula ndi kasitomala kunalinso phunziro palokha. Munthu akakhala pampando, iye sathamangira kutsuka. Amagawa tsitsi ndi mchira wa chipeso, n'kuyang'ana khungu pang'onopang'ono ngati pali mfundu, chipere kapena chilonda. Kenako mafunso: "Amayi, mankhwala munaika liti komaliza? Mumamva kuyabwa? Mukufuna mukhale nalo masabata angati? Mwakonza zingati?" Mtengo amagwirizana asanayambe, kuti pasakhale kukokana chitenje pakhomo. Wofuna dayi koyamba amamupaka kadontho kuseri kwa khutu n'kumuuza kuti abwere pakatha maola 48. Zonse amalemba m'kope, ndipo pakadutsa masabata 6 kapena 8 amatumiza uthenga pa WhatsApp wokumbutsa kuti tsitsi lamera. Makasitomala nawo amabwera atadziwa zambiri, chithunzi cha pa TikTok chili m'manja, ndalama yosungitsira malo atatumiza kale pa Airtel Money kapena Mpamba.

Mwana wa mchemwali wangayu anaphunzitsidwanso kugulitsa, ndipo ine sindikuonapo cholakwika. Lendi imadikira, magetsi akazima jenereta imafuna mafuta, ndipo botolo la shampu likachoka pashelefu limabweretsa phindu munthu osaimirira tsiku lonse monga amachitira poluka. Chimene ndimakana ndi maphunziro amene amangophunzitsa mawu okoma oti munthu asatuluke chimanjamanja. Masaluni ena, pansi pa kauntala pamakhala mafuta oyeretsa khungu, ndipo mtsikana amene wabwera kudzaluka amauzidwa kuti akanakongola kwambiri akanawalako pang'ono. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990 itaona mmene amawonongera nkhope za anthu. Mu 2022 kafukufuku wa National Institutes of Health ku America anapeza kuti amayi ogwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi pafupipafupi amapezeka kwambiri ndi khansa ya chiberekero kuposa anzawo. Wogulitsa zinthu zotere ayenera kuzidziwa nkhanizi, ndipo azimuuza munthu asanamutengere ndalama.

Tsiku lina ndili pasaluni ya mwana wa mchemwali wangayu panabwera mayi wina wofuna mankhwala, ukwati wa mng'ono wake uli mawa lake. Mwanayu atagawa tsitsi anapeza zilonda ziwiri pankhongo. "Pepani anti, lero sindikuikani. Ndikulukani mizere yosathina, muvale wigi, ndipo zilondazi mukaonetse kuchipatala. Zikapola mubwere." Mayiwo anakwiya, nati saluni si iyi yokha. Iye sanasinthe mawu, ngakhale ndalama ya mizere sinkafika theka la ya mankhwala. Anakambirana kwa kanthawi, mayiwo akuyang'ana zilondazo pachithunzi chomwe anawajambula ndi foni yawo yomwe, kenako anakhala pansi n'kunena kuti ayambepo.