NDANI AMAKWEZA MTENGO WA UNGA?

Mu komboni ya Garden, mu Lusaka, muli mai wina wamasiye wocokera ku Katete amene amagulitsa unga wa m'timapepala, uja a m'tauni amacha pamela. Mtengo ukakwera, woyamba kunyozedwa ndi iye. Ogula amati ndi wakuba, cikhalireco iye amangogawa thumba la makilogramu 25 limene wagula ndi ndalama zace.

Maiyu sayankha, pakuti mkwiyo wotere anauona kale. Mu December 1986 Boma la a Kaunda linacotsa thandizo pa unga wa breakfast, mtengo nukwera koposa kawiri. Ku Migodi anthu anathyola masitolo, ndipo 15 anafa. Boma linabweza mtengo wakale, nililanda zigayo zikulu-zikulu ponena kuti eni ace ndiwo anali olakwa. Koma mu June 1990 unga unakweranso, ndipo cipolowe cinabuka mu Lusaka momwe, iye atatsekera ana ace m'nyumba.

Masiku amenewo anthu analoza zala kwa a zigayo, kwa ozembetsa unga kunka nao ku Zaire, ndi kwa a IMF. Onsewa anali ndi mbali yao, koma nthenda inayamba kale. Mu 1973 mafuta anakwera mtengo pa dziko lonse lapansi, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa, umene unali kubweretsa ndalama zakunja, unagwa. Kuti unga ukhalebe wochipa m'matauni, Boma linali kukongola, kwinaku likugula cimanga ca alimi kupyolera mu Namboard pa mtengo umene linaika lokha. Kunena zoona, nsima yochipa ya ku Garden inali kulipiridwa ndi ngongole pamodzi ndi thukuta la mlimi wa kumudzi.

Nkhani ya mafuta siinathere pomwepo. Mu December 2021 Boma linacotsa thandizo pa petulo ndi dizilo. Mafutawa amagulidwa kunja ndi madola, tsono kwacha ikafooka, lole yonyamula cimanga kucokera ku Chipata imakweza mtengo, wa cigayo naye akweza, mpaka zifike pa kathebulo ka maiyu. Pamwamba pa izi panadza cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, anati ndi tsoka la dziko lonse.

Maiyu sanena kuti Boma lingagwetse mvula kapena kulamula dola. Cimene amalifunsa nca nkhokwe: pa zaka za dzinthu zambiri, cimanga cimasungidwa cokwanira kodi, kapena cimatuluka m'dziko msanga?

Mlongo wace, amene alima ku Katete, saona conco. Iye akuti cimanga cikaletsedwa kutuluka, mtengo umagwa, ndipo feteleza sagulika. Akamalankhulana pa lamya, mlongoyo amadandaula kuti thumba lace ligulidwa mochipa, pamene maiyu akuti thumba lomwelo lamfika lodula. Kawiri-kawiri nkhaniyi amaisiyira panjira, nayamba kufunsana za ana.