Mlendo wa ku America Aphunzira Kubvula Nsapato ku Stockholm

Mzinda wa Stockholm, likulu la dziko la Sweden, unamangidwa pa zisumbu 14, pamalo pamene madzi a nyanja ya Mälaren amatsirira m'nyanja ya Baltic. Munthu wa ku America amene wabwera mumzindawu kudzagwira nchito, kudzaphunzira kapena kutsatira banja, amayamba ndi kuyesa kuti wafika kwa abale ace. Magalimoto amayenda kudzanja lamanja monga kwao, pakuti Sweden anasiya kuyenda kumanzere pa 3 September 1967. Nyimbo za pa wailesi ndi zomwe anazisiya kumudzi, ndipo pafupifupi aliyense, kuyambira wogulitsa m'sitolo kufikira mwana wa sukulu, amamuyankha m'Cingerezi cosalala. Cibaleco si congoganizira ai. Pakati pa zaka za m'ma 1850 ndi 1930, anthu oposa miliyoni imodzi anathawa umphawi m'Sweden napita kukamanga ku Minnesota, ku Chicago ndi kwina kotere, ndipo zidzukulu zao zikali komweko.

Koma kufanana kumeneku ndiko kumene kumamgwetsa mlendo. Akadapita kudziko kumene zonse nzacilendo akadayenda mocenjera, namafunsa pa ciriconse. Ku Stockholm saona cifukwa cofunsira, ndipo akuluakulu ananena kale kuti safunsa anadya phula.

Mphunzitsi wace woyamba ndi nyengo. Ca pakati pa December dzuwa limaturuka itatsala pang'ono 9 koloko m'mawa, ndipo limalowa isanakwane 3 koloko masana. Mwezi wa November ndiwo umene eni dziko amauopa koposa, cifukwa cipale cofewa cimene cimawalitsa dziko cimakhala cisanagwe kwenikweni, kumwamba kuli mitambo yotuwa, pansi pali matope ozizira. Kwao, mlendoyu anazolowera kuturuka m'nyumba yofunda, kulowa m'galimoto yofunda ndi kutsikira pakhomo pa ofesi yofunda, kotero kuti jekete limodzi linali kumkwanira. Ku Stockholm anthu ambiri amayenda pansi, pa njinga, pa basi kapena pa sitima ya pansi pa nthaka, ndipo kuzizira kumam'peza munthu pamene waimirira kudikira. Tsono amaphunzira kubvala mosanjikiza: malaya opepuka a ubweya wa nkhosa okhudza khungu, juzi pamwamba pace, ndi jekete losalowa mphepo kapena madzi pamwamba pa zonse. Thonje amalipewa, cifukwa likanyowa ndi thukuta limasunga cinyezi ndi kumziziritsa mwini wace. Pa mkono kapena pa cikwama amapacika kanthu konyezimira kuti oyendetsa magalimoto amuone mumdima. Ana a ku Sweden amakula akuuzidwa kuti nyengo siiipa, coipa ndi cobvala, ndipo ana a mkaka amagonekedwa panja m'tingolo tao, atafunditsidwa bwino, ngakhale madzi ataundana. Mai wa ku America akaona zimenezi koyamba mtima umamlumpha.

Ngakhale kuyesa kuzizirako kumamsokoneza. Kwao amawerenga monga anakonzera Fahrenheit, pamene madzi amaundana pa 32. Kuno amatsata Anders Celsius, katswiri wa ku Uppsala amene anaturutsa muyeso wace mu 1742. Akauzidwa kuti ulendo ndi wa mil ziwiri asafulumire kunyamuka wapansi, pakuti mil imodzi ya ku Sweden ndi makilomita 10.

Atagonjetsa kuzizira, amayamba kuona kuti zobvala zace zikufuula. M'sitima ya m'mawa anthu onse amaoneka ngati anapangana: zakuda, zotuwa, zobiriwira modera ngati nyanja yakuya, zoyera apa ndi apo. Zobvalazo nzosokedwa bwino, zogwira thupi, zopanda maluwa ambiri kapena malemba akuluakulu. Iye waima pakati pao ndi juzi lofiira lolembedwa dzina la koleji yace pacifuwa, buluku lotaya ndi nsapato zothamangira. Palibe amene adzamseka kapena kumuuza kanthu. Adzangoyang'anidwa kamphindi, maso nabwezedwa msanga, ndipo kuyang'ana kwacidule kumeneku kumapweteka kuposa mau. Cimene cimamdabwitsa kwambiri ncakuti ku ofesi kulibe tai kapena suti monga anayembekezera. Mkulu wa kampani amabwera ndi jinzi ndi juzi. Kwao kunali zobvala za nchito zaulemu ndi zobvala za kunyumba zotayirira. Kuno ziwirizi zinakumana pakati, kotero kuti mlendo amapezeka kuti wabvala mopambanitsa pa Lolemba ndipo wabvala mosasamala pa Loweruka.

Eni dziko ali ndi liu limodzi lochulira zimenezi: lagom, ndiko kuti cokwanira bwino, cosacuruka ndiponso cosacepa. Amachulanso lamulo la Jante, dzina locokera m'buku limene Aksel Sandemose, mlembi wobadwira ku Denmark, anafalitsa mu 1933, lonena za kamzinda kumene munthu saloledwa kudziyesa woposa anzace. Ambiri a ku Sweden amaliseka lamuloli nanena kuti linatha, ndipo nzoona kuti acinyamata a m'dera la Södermalm amabvala zimene afuna. Komabe munthu amene analeredwa kuti adzichule yekha, afotokoze zimene wapambana ndi kulankhula mokweza pamsonkhano, amaona msanga kuti m'cipinda mwazizira pamene iye watha kudziyamikira.

Sikuti ndi anthu osakonda zobvala. Kampani ya H&M inayamba mu 1947 mumzinda wa Västerås, pamene Erling Persson anatsegula sitolo ya zobvala za akazi yochedwa Hennes, atatenga nzeruyo paulendo wace wa ku America komweko; m'caka ca 2000 kampaniyo inatsegula sitolo yace yoyamba ku New York. Cikwama ca Kånken, cimene kampani ya Fjällräven inaturutsa mu 1978, cinapangidwa cifukwa ana a sukulu anali kudwala msana ponyamula mabuku paphewa limodzi. Mlendo anali kuciona kwao ngati cinthu ca fashoni. Kuno acipeza pamsana pa gogo, pa mwana wa zaka zisanu ndi pa kalaliki wa boma.

Tsiku lalikuru limafika pamene waitanidwa kunyumba kwa munthu, ndipo kuitanidwako sikubwera msanga. Akauzidwa kuti afike halv sju, asaganize za 7.30: mauwo atanthauza theka la ola lopita ku 7, ndiye 6.30. Ndipo 6.30 ndi 6.30 ndithu. Alendo amene afika msanga amazungulira nyumba kapena kudikira pansi pa makwerero kufikira nthawi itakwana, popeza kufulumira kumasokoneza mwini nyumba monga mmene kucedwa kumacitira. Pakhomo mlendo amapeza mzere wa nsapato, ndipo zace ziyenera kulowa mumzere womwewo. Cifukwa cace ncoonekeratu kwa amene wayenda m'miseu ya m'nyengo yozizira, mmene amathira timiyala kuti anthu asaterereke. Timiyalato, pamodzi ndi matope, tingaononge pansi pa matabwa m'masiku owerengeka. Koma mwambowu sutha pamene dzuwa labwerera. Mu July momwe nsapato zimatsala pakhomo. Ku sukulu za mkaka ndi kuzipatala zina kuli timatumba tapulasitiki tobiriwira tobveka kunja kwa nsapato, ndipo opita kuphwando laulemu amanyamula nsapato zoyera za m'nyumba m'cikwama. Phunziro limene mlendo saliiwala ndi lakuti ku Sweden sokosi ndi cobvala ca pagulu. Amene anabisa yobooka m'nsapato yokongola adzakhala madzulo onse atapinda cala.

Atadya ayenera kuthokoza cifukwa ca cakudya, ndipo akadzakumananso ndi mwini nyumba, kaya patapita mlungu kaya mwezi, ayenera kuyamba ndi tack för senast, kuthokoza cifukwa ca tsiku lija. Woiwala mau awa sadzudzulidwa, koma zimakumbukika.

Pa nkhani ya maina, dzikoli linapitirira ngakhale America. Ciswidishi ciri ndi du ndi ni, monga mmene Cinyanja ciri ndi iwe ndi inu, ndipo kale munthu wamkulu anali kuchulidwa ndi udindo wace. Mu 1967 Bror Rexed, atangoikidwa kukhala mkulu wa bungwe la boma loona za umoyo, anauza anchito ace kuti adzanena du kwa aliyense ndipo iwonso acite cimodzimodzi kwa iye. Mwambowu unali utayamba kale m'malo ena, koma m'zaka zocepa unafalikira dziko lonse. Lero wophunzira amaitana profesa ndi dzina lace loyamba, wodwala amatero kwa dokotala, ndipo a banja lacifumu okha ndiwo atsala ndi maina aulemu. Apa mpamene mlendo amasocera kwenikweni. Kwao, kuitanana ndi dzina loyamba ndi khomo la ubwenzi. Kuno ndi cizindikiro cabe cakuti anthu onse ngolingana, ndipo munthu amene wamuitana ndi dzina kwa zaka ziwiri angakhale asanamuonetsepo kumene amakhala.

Cete wa anthuwa amamlemera. Pokwerera basi aliyense amaima patali ndi mnzace. M'basimo palibe amene amakhala pafupi ndi munthu ngati mpando wina uli wopanda anthu. Iye anazolowera kufunsa aliyense kuti ali bwanji popanda kudikira yankho. Wa ku Sweden amalitenga funsolo ngati funso lenileni, ndipo amadabwa cifukwa cace munthu wosamdziwa afuna kumva za moyo wace. Kunena kuti anthuwa ngouma mtima nkuwalakwira. Kwa iwo, kusiya munthu pamtendere ndi ulemu, ndipo kulonjeza cimene sudzacita, ngakhale kungonena kuti tidzaonane tidye pamodzi, nkunama. Koma kudziwa zimenezi sikucotsa kusungulumwa kwa madzulo a Sondo mu November, ndipo alipo alendo amene amamanga katundu wao nabwerera pa cifukwa comweci, nchito iri yabwino, malipiro ali okwanira. Ngakhale Cingerezi ca eni dziko cimasanduka mpanda. Boma limapereka maphunziro aulere a Ciswidishi kwa obwera, ochedwa SFI, koma wophunzira akangoyesa mau awiri m'sitolo, wogulitsa amamcitira cifundo namuyankha m'Cingerezi.

Khomo limene liri lotseguka ndi fika. Pa nchito zambiri, m'mawa kapena masana, anthu amasiya zonse nakhala pamodzi kumwa khofi ndi kudya kabanzi kotsekemera ka sinamoni, kamene kali ndi tsiku lacelace pa 4 October. Khofiyu, amene mafumu anamletsa kangapo m'zaka za m'ma 1700, ndiye amene tsopano amanga mudzi. Wa ku America amene amanyamula kapu yace kupita nayo pa tebulo lace, poganiza kuti akuonetsa khama, sadziwa kuti akudzicotsa pagulu, ndiponso kuti nkhani zambiri za msonkhano wamawa zikupsera pomwepo. Akakhala nao aone bwino mbale: cidutswa cotsiriza ca keke palibe amene amacitenga. Wina adzacidula pakati, winanso adzadula cotsalaco, kufikira patatsala nyenyeswa.

Zina nzazing'ono koma zimaluma. Ku sitolo ya mankhwala ndi m'maofesi ambiri munthu amayamba wang'amba kapepala ka nambala, apo ayi adzaima tsiku lonse. M'nyumba zosanja muli cipinda cimodzi cocapira ca onse, cimene amalembetseratu nthawi, ndipo wodya nthawi ya mnzace kapena wosiya zinyalala m'makina adzapeza kakalata kaukali kopanda dzina. Vinyo ndi mowa waukali zimagulidwa ku Systembolaget, sitolo za boma zimene zinayamba mu 1955, zotseka msanga pa Loweruka ndi zosatsegula konse pa Sondo. Ndalama za pepala, zimene banki ya ku Stockholm inayamba kusindikiza mu 1661 maiko ena onse a ku Ulaya asanatero, lero zimakanidwa m'masitolo ambiri. Anthu amalipira ndi khadi kapena ndi foni, ndipo wopanda nambala ya boma yochedwa personnummer amabvutika ngakhale kutsegula buku ku banki.

Pali zinanso zimene mlendo amazolowera mosakakamizidwa. Lamulo limapatsa wanchito masiku 25 a chuthi colipidwa pa caka, pamene ku America kulibe lamulo la dziko lonse lotere. Mwana akabadwa makolo amagawana masiku 480, ndipo masiku 90 a bambo sangapatsidwe kwa mai. Sweden anatsegulira abambo chuthi cimeneci mu 1974. Ndico cifukwa cace m'mapaki mumadzaza amuna okankha tingolo ta ana pakati pa mlungu, ndipo pofika 4 koloko mkulu wa nchito amaimirira pakati pa nkhani kuti akatenge mwana ku sukulu.

Tsono June amafika, dzuwa nakhala kumwamba maola oposa 18, ndipo anthu aja a zakuda amasandulika. Pa cikondwerero ca Midsommar amabvala zoyera ndi nkhata za maluwa kumutu, nabvina mozungulira mtengo wokutidwa ndi masamba, akuluakulu omwe akudumpha ngati acule. Mu July maofesi amatsala apululu. Ndipo m'miseu ya kumidzi mumaturuka anthu ochedwa raggare, amene kuyambira m'ma 1950 akhala akukonda magalimoto akale a ku America. Msonkhano wao waukuru, Power Big Meet, unacitika kwa zaka zambiri ku Västerås usanasamukire ku Lidköping mu 2017. Mlendo amene watha miyezi isanu ndi itatu akuphunzira kubisa juzi lace lofiira amaima m'mbali mwa mseu, atabvala zotuwa, akuonerera ma Chevrolet ndi ma Cadillac zikwizikwi akudutsa pang'onopang'ono, odzaza ndi anthu a ku Sweden obvala majekete acikopa ndi zipewa za abusa a ng'ombe a ku Texas, mbendera ya America ikuuluka pambuyo.