Botolo Limene Linandibweza ku Phulusa

Abale anga a m'midzi, inu amene mumawerenga nyuzipepala ino madzulo mukaweruka kumunda, ndiloleni ndikusimbireni zimene zinagwa pakhomo panga. Ndikuzinena ndi manyazi, pakuti wolakwa ndinali ine mwini. Koma akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo sindifuna kuti mawa chimenechi chifike kwanu.

Mukumbukira nthenda ya kolera imene inayamba ku Machinga m'mwezi wa Marichi 2022, nifalikira m'maboma onse a dziko lino, nipha anthu oposa 1,700. Pofika Januwale 2023 mantha anali ponseponse, kotero kuti sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Masiku amenewo ndinapita kumsika kukagula mankhwala a klorini oyeretsera zovala ndi zimbudzi. Wogulitsayo anali atawagawa m'mabotolo a zakumwa zotsekemera, opanda chizindikiro chilichonse. Ndinagula botolo limodzi, ndi kukaliika pansi pa kama, ndili kudzitama mumtima kuti ndateteza banja langa.

Tsiku lachitatu, ndili kunola khasu kuseri kwa nyumba, ndinamva akazi anga akufuula kuti, "Abambo, thamangani! Mwana wamwa za m'botolo lija!" Ndinapeza mdzukulu wathu wa zaka zitatu akutsokomola, dovu lili chuchuchu, malaya ake akununkha klorini. Akazi anga anafuna kumpisa chala kukhosi kuti asanze, ndipo wina mwa anansi anathamangira mafuta ophikira kuti timmwetse. Mwamwayi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu amakhala pafupi. Anafika nati, "Iyayi agogo, musamsanzitse. Chimene chaotcha polowa chidzaotchanso potuluka." Anamtsuka m'kamwa ndi madzi, nampatsa madzi pang'ono akumwa, natiuza kuti tipite msanga kuchipatala titatenga botolo lomwelo.

Mwanayo anachira, pakuti anameza pang'ono chabe, zambiri analavula. Koma kuchipatala anandiuza mawu amene sindidzaiwala. Anati chikhala parafini, akanatha kulowa m'mapapo mwa mwana, makamaka tikanamsanzitsa, ndi kuyambitsa chibayo choopsa. Chikhala soda waukali uja wopangira sopo, akanamuotcha kummero mpaka mwina osathanso kumeza nsima moyo wake wonse.

Nditabwerako ndinayendera nyumba yonse ndi kusonkhanitsa pabwalo zonse zimene mwana sayenera kulawa. Panali klorini uja, parafini, mankhwala otsukira chimbudzi, ndi mankhwala opopera mbewu amene anatsala chaka chatha. Zonsezi zinali pansi, pamene mwana wokwawa afika. Tsono ndinakumbukira malemu amayi anga, amene analera ana asanu ndi atatu, mbale zawo zikuwala, koma botolo lotere analibe n'limodzi lomwe. Kuyambira pamenepo tinagwirizana ndi akazi anga kuti ntchito zoyeretsa za tsiku ndi tsiku tizichita ndi zinthu zimene sizingaphe munthu.

Choyamba ndi phulusa. Inu amayi mudziwa chidulo chimene mumatcheza pophika therere, ndipo mudziwa kuti chimaterera m'zala ngati sopo. Chifukwa chake n'chakuti madzi a phulusa akakumana ndi mafuta amasanduka sopo weniweni, ndipo kalekale anthu a m'maiko ambiri ankapanga sopo wawo motero. Mukapaka phulusa lonyowa m'poto wa mafuta, mwapanga kasopo momwemo. Mwaye wa kunsi kwa mphika umachoka ndi phulusa losakaniza ndi mchenga wosalala, pokwecha ndi chitsononkho kapena chinkhupule. Koma likhale phulusa loyera la nkhuni, losefa bwino. Phulusa la padzala pamene mwatenthapo mapulasitiki ndi mabatire musalikhudzitse mbale zanu. Ndiponso mukatha kutsuka, sambani m'manja, pakuti phulusa lonyowa likakhalitsa pakhungu limang'amba.

Chachiwiri ndi sopo wamba wa mtanda uja. Ameneyu akwanira kuchapa zovala, kutsuka mbale ndi kusamba. Kadutswa kamene katsala musataye. Kamangeni pa mpondagiya pafupi ndi chimbudzi kuti aliyense wotuluka asambe m'manja. Sopo akatha, phulusa lithandiza kuposa madzi okha, koma sopo ndiye mkulu wake.

Chachitatu ndi madzi otentha ndi dzuwa. Mbale zotsukidwa zikaikidwa pansi, galu ndi nkhuku zimabwezeramo zonyansa zonse. Mangani thandala lalitali poyera, mbale ziume padzuwa, pakuti tizilombo tambiri ta matenda sitikhalitsa pamalo pouma ndi potentha. Mphasa ndi zofunda nazo muziziyanika. Fungo la nsomba pa mpeni ndi m'beseni limachoka ndi ndimu, ndipo mandimu ambiri a ife tili nawo pakhomo. Chimbudzi chathu tsopano timangosesa, n'kuthira phulusa lodzaza dzanja m'dzenje ndi kuvundikira pabowo. Fungo linachepa, ntchentche nazo zinachepa.

Tsono wina adzafunsa kuti, kodi klorini tamtaya? Iyayi, ndipo pano mundimvetse bwino. Phulusa ndi ndimu sizingatetezere madzi akumwa ku kolera. Madzi amenewo ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini wa madzi akumwa, pa muyeso umene alangizi a zaumoyo anena. M'nyumba mukakhala wodwala wotsegula m'mimba kwambiri, zovala zake, ndowa ndi pogona pake zimafuna klorini ndithu. Klorini ali ngati nkhwangwa: tiyenera kukhala nayo, koma sitisendera mbatata, ndipo sitiisiya m'manja mwa mwana. Wathu tsopano amakhala m'botolo lakelake lolembedwa, m'bokosi lokhoma pamwamba, pamodzi ndi parafini. Mankhwala a mbewu ali kwaokha, kutali ndi ufa, ndipo zigubu zake sitisungiramo madzi, mchere kapena mafuta, ngakhale zitatsukidwa kangati.

Chenjezo lina ndi ili: klorini musamsakanize ndi ndimu, viniga, kapena mankhwala ena otsukira chimbudzi poganiza kuti awonjezera mphamvu. Zikasakanizika zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umaotcha maso ndi chifuwa, makamaka m'kachipinda kotseka. Mnzake wa klorini ndi madzi okha.

Papita nthawi tsopano chiyambire kuchita zimenezi, ndipo alendo akabwera sanadandaulepo kuti mbale zathu n'zakuda. Ndalama imene inkapita ku mabotolo aja timagulira sopo ndi mchere.

Chotero, abale anga, lero lomwe musanagone, gwadani pansi m'nyumba mwanu kuti maso anu afanane ndi a mwana wa zaka zitatu, ndipo muyang'ane pansi pa kama, kuseri kwa chitseko ndi pafupi ndi mtsuko. Botolo lililonse limene muone pamenepo, mwana wanu analiona kale. Likwezeni pamwamba, ndipo mawa m'mamawa popala moto, phulusa lija musalitaye.