Usiku pa mseu wa ku Chipata

Mseu wa Great East, wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, ndi wautali makilomita oposa 500, motero amene wanyamuka masana mdima umampeza ali m'njira. Ine ndauyenda kawirikawiri pa galimoto, ndipo cimene ndimaopa usiku si mapiri a Manenekela ai, ngakhale kuti kumeneko mseu umakhotakhota potsikira ku mlatho wa Luangwa. Pamapiri dalaivala aliyense amagwira ciongolero ndi manja awiri. Mtima wanga umayamba kugunda ndikapitirira Nyimba, kulinga ku Petauke, Sinda ndi Katete, kumene mseu waongoka ndipo midzi yayandikana ndi phula.

Kumeneko mseu tigawana ndi zinthu zopanda nyali. Pa nyengo yogulitsa mbeu, ngolo zimalawira m'mamawa kukali mdima, zitasenza cimanga kapena thonje. Njinga za makala zimabwerera mocedwa. Anthu akakolola, ng'ombe zimatayiriridwa, ndipo zina zimagona paphula popeza pamakhala pofunda. Mu Seputembala utsi wa moto wolusa m'tchire umaonjezera mdimawo.

Abale anga a kumudzi amati, poti iwo aona nyali za galimoto ikali kutali, ndiye kuti dalaivala naye wawaona. Si tero. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imatha mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi yokha. Ukatsitsa nyali kuti usathobwe mnzako wobwera kutsogolo, munthu wobvala zakuda umamuona ali kale pafupi, ndipo phazi lisanafike pa buleki mamita ambiri atha. Ndico cifukwa cace ine usiku ndimacepetsa liwiro kufikira nditadziwa kuti ndingathe kuima mkati mwa dera limene nyali zanga zaunika. Ofulumira amandipitirira akuliza hutala, apite ndithu. Tulo tikayamba kundiba, ndimapatuka pa Kacholola kapena pa Petauke ndi kugona pang'ono.

M'caka ca 2016 Boma linaletsa mabasi ndi malole kuyenda kuyambira 21 koloko usiku kufikira 5 koloko m'mawa. Koma lamulo lotere silikhudza ngolo ya ng'ombe. Inu eni ngolo, khomani kumbuyo kwace tizitsulo tonyezimira tofiira, mtengo wace sufika wa nkhuku. Oyenda pansi gwirani dzanja lamanja la mseu kuti muyang'anizane ndi galimoto zobwera, ndipo nsalu yoyera paphewa imathandiza.

Cimene cimandinyansa koposa ndi masamba. Lole ikafa, anyamata amathyola nthambi naziyala pamseu m'malo mwa zizindikiro zamakona atatu. Usiku nthambi sizinyezimira. Ndipo lole ija ikakonzedwa amangocoka, nthambi ndi miyala yopingira mawilo nazisiya pomwepo, kudikira wanjinga woyamba kudutsa mbandakuca.