Mikanda 108 ku Milange

Ndinawoloka pa Muloza dzuwa litapendeka, ndipo wakabaza anandikwezera mtengo ataona kuti m'thumba ndili ndi makwacha okhaokha. Ku Milange ndinkapita kukagula zitenje za mlamu wanga basi. Koma kunyumba ya alendo kumene ndinagona khoma lake linali la bolodi, ndipo cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndinadzidzimuka ndi kung'ung'udza kochokera m'chipinda china. Ndinkangoti munthuyo wagwidwa ndi malungo.

Kutacha tinakumana pa tiyi. Anali mnyamata wa ku Malawi wogulitsa machaja a foni.

"Achimwene, pepani ngati ndinakusokonezani tulo," anatero, akuvula mikanda yamtengo imene anaikulunga pamkono.

Inalipo 108, yosalala chifukwa chogwiridwagwiridwa. Pa mkanda uliwonse amatchula dzina limodzi, Amitofo, momwe Atchaina amatchulira Buddha wotchedwa Amitabha, kutanthauza kuwala kopanda malire. Akafika pa mkanda waukulu amatembenuza n'kuyambanso. Sapempha mvula kapena kasitomala. Anati maganizo akathawira ku ngongole, dzinalo limawabweza ngati mbuzi yapachingwe.

Anakulira ku Amitofo Care Centre, malo osungira ana amasiye kufupi ndi Limbe, omwe anakhazikitsa mmonke wa ku Taiwan, Hui Li. Mmonke yemweyu ndi amene anatsogolera ntchito yoyambitsa kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit, South Africa, mu 1992. Ana a pamalopo amadzuka kusanache kukaimba mapemphero m'Chitchaina, amaphunzira kung fu, ndipo nyama sadya. Amene anaonera filimu ya Buddha in Africa, ya Nicole Schafer ya 2019, akudziwa funso limene limabwera: mwana wakumudzi akamapemphera m'chilankhulo cha eni, kwawo kumatsala pati? Funsolo ndinali nalo pakamwa, koma ndinalimeza. Ndinakumbukira agogo anga akuwerenga korona pamkeka, milomo ikuyenda, mawu osamveka. Misa ya ubwana wawo inali ya Chilatini, ndipo palibe anawafunsapo za kwawo.

Phiri la Tumbine linali likadali m'nkhungu pamene mayi wa panyumbapo anabweretsa mbale ya usipa wokazinga. Mnyamatayo anaikankhira kwa ine, iye n'kutenga chinangwa chophika. Anabweza mikanda pamkono, nasenza katoni ya machaja kulowera kumsika.